Chifukwa chake dzina lolembedwa bwino limasokonekera mu kompyuta

Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayambira m'boma lino la Mchinji m'chaka cha 2006, isanafalikire m'maboma ena. Kuchokera nthawi imeneyo, maina a mabanja a kwa Mkanda, Mavwere, Zulu, Mlonyeni ndi madera ena akhala akusamutsidwa, kuchoka m'makaundula a pepala kulowa mu kompyuta, kenaka kuchoka mu kompyuta yakale kupita mu yatsopano. Munthu akauzidwa kuti mbiri yake sikugwirizana ndi chiphaso chake cha unzika, kawirikawiri amaganiza kuti wina wamuchitira chinyengo. Nthawi zambiri gwero lake limakhala pulogalamu yakale imene ikugwira ntchito pa makina amene sinapangidwire.

Vuto lalikulu lili pa masiku obadwa. Kuno tsiku limayamba, mwezi n'kutsatira, koma kompyuta yatsopano ikasiyidwa pa kalembedwe ka ku America imayamba ndi mwezi. Motero 04/03/1958, lomwe ndi 4 Malichi, limawerengedwa ngati 3 Epulo, ndipo makina sachenjeza aliyense chifukwa masiku onse awiriwo alipodi pa kalendala. Choopsa kwambiri ndi chaka cholembedwa ndi manambala awiri okha. Windows yakale inkatenga 45 kukhala 1945, pamene yamakono, ikapanda kusinthidwa, ikhoza kuitenga kukhala 2045. Agogo amene akuyenera thandizo chifukwa cha ukalamba amaoneka ngati munthu amene sanabadwe n'komwe, ndipo dzina lawo likhoza kugwa pa mndandanda popanda dzanja la munthu kulikhudza.

Nambala za foni nazo zimaluma. Pulogalamu ya Excel ikaona nambala yoyamba ndi 0 imachotsa ziro woyambayo, poganiza kuti alibe ntchito, ndipo nambala yotsalayo sigwirizananso ndi imene mwini wake analembetsa. Chilembo cha ŵ chimatha kusanduka chizindikiro cha funso kapena kabokosi, popeza mapulogalamu ambiri akale sanapangidwe kuti achizindikire.

Boma la m'malire ngati lino lili ndi lakelake. Amene anaphunzira sukulu kutsidya kwa Mwami, cha ku Chipata, anazolowera kulemba c pamene kuno timalemba ch. Kwa mfumu ya m'mudzi, Chisale ndi Cisale ndi munthu mmodzi. Kwa kompyuta ndi anthu awiri, ndipo mmodzi wa iwo angaoneke ngati dzina lopeka.

Kungogula makompyuta atsopano sikuthetsa mavutowa, ndipo nthawi zina n'kumene kumawayambitsa. Komabe kukakamira akale n'kosatheka, pakuti kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020. Chofunika n'chakuti alembi alembe chaka ndi manambala onse anayi, ndiponso kuti makina onse a mu ofesi imodzi aikidwe pa kalembedwe kamodzi ka masiku.

Mbali ya nzika ndi yosavuta. Chiphaso cha unzika, chimene bungwe la National Registration Bureau linalembera anthu m'dziko lonse m'chaka cha 2017, ndicho muyeso. Pa kalembera aliyense, munthu abwere nacho, apemphe mlembi amuwerengere mokweza dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni monga zalowera mu kompyuta, osati monga zalembedwera pa fomu. Woona kusiyana adziwitse komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena khansala wa wodi yake tsiku lolandira thandizo lisanafike.