Mchere wa M'nthaka: Zomwe Umachita pa Zomangamanga ndi Mbewu

Anthu ambiri a m'boma la Chikwawa amadziwa mijigo yotulutsa madzi amchere komanso malo amene nthaka imatuwa ngati yawazidwa ufa m'nyengo ya chilimwe. Mchere womwewo ndi umene umagumula makoma a sukulu, kung'amba makalavati ndi kufotetsa mbewu m'minda. Choncho ndi bwino kuti makomiti a chitukuko ndi alimi adziwe momwe vutoli limayambira.

M'madera ena a chigwa cha Shire, madzi a pansi pa nthaka ali ndi mchere ndipo sali kutali. Kukatentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, madziwa amakwera pang'onopang'ono, n'kuuma akafika pamwamba, koma mchere umatsala. Ulimi wothirira wopanda ngalande zotulutsira madzi otsala umawonjezera vutoli chaka ndi chaka.

Konkire imaoneka yolimba, koma ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene chinyezi chimalowamo. Mchere wa mtundu wa chloride ukafika pa zitsulo za mkati, zitsulozo zimachita dzimbiri. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo, motero limakankha konkire mpaka ing'ambike ndi kuyamba kugamphuka. Mchere wa mtundu wa sulphate umalimbana ndi simenti yeniyeniyo, kuitupitsa ndi kuifooketsa. Pa makoma a njerwa, chizindikiro choyamba ndi ufa woyera m'munsi mwa khoma, kenako pulasitala amasuwa ndipo njerwa zimanyenyeka. Kupaka penti pamwamba sikuthandiza chifukwa chinyezi chimachokera pansi.

Nthawi yabwino yoteteza nyumba ndi pomanga maziko. Madzi osakanizira simenti akhale oti munthu angamwe osamva mchere, ndipo mchenga usatapidwe pamalo otuwa. Amisiri asachulutse madzi posakaniza, chifukwa konkire yamadzimadzi imakhala ndi timabowo tambiri ikauma. Zitsulo za m'maziko zikwiriridwe ndi konkire yosachepera masentimita 5, ndipo konkireyo izithiriridwa kwa masiku osachepera 7. Maziko akwezedwe, ndipo pulasitiki yakuda yotchinga chinyezi iyalidwe asanayambe kuyala njerwa za khoma. Makomiti oyang'anira ntchito za chitukuko ali ndi udindo woonetsetsa kuti izi zatsatidwa, pakuti ndalama zokonzera chipinda chophunziriramo chomwe chagumuka msanga zikanagwira ntchito ina m'dera lomwelo.

Kumunda, mchere umalepheretsa mizu kuyamwa madzi, kotero mbewu zimafota ngakhale nthaka ili yonyowa. Zimamera mwa apo ndi apo, zimapinimbira, ndipo masamba amapserera m'mbali. Pamene pali mchere wa sodium wochuluka, dothi limagwirana n'kuuma gwa, madzi osalowa pansi. Kuwonjezera feteleza pamalo otere n'kutaya ndalama, chifukwa fetelezayo nayenso amawonjezera mchere pafupi ndi mizu.

Mbewu sizipirira mofanana. Nyemba ndi anyezi zimavutika msanga, chimanga chimapirira pang'ono, pamene mapira ndi thonje zimalimba kwambiri. Mlimi amene munda wake wayamba kutuwa angathe kusankha mbewu zopirira, kuthira manyowa ndi kuphimbira nthaka ndi mapesi kuti chinyezi chisaume msanga. Chofunika koposa ndi ngalande zakuya bwino, kuti mvula kapena madzi abwino othirira atsuke mchere n'kuuchotsa pamene pali mizu. Pa dothi louma gwa chifukwa cha sodium, gypsum amathandiza kulifewetsa, koma nthaka iyambe yayezedwa.

Anthu amene aona zizindikirozi pa sukulu, chipatala kapena mlatho akupemphedwa kudziwitsa komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena khansala wa wodi yawo, kuti uthenga ufike ku ofesi ya zomangamanga ku khonsolo. Alimi akaonane ndi alangizi a zaulimi a m'dera lawo asanabzale.