Injini Yosatentha ndi Hita Yofooka: Yambani ndi Thermostat

Ambiri a ife alimi sitikwanitsa kugula galimoto yatsopano. Tomato, mkaka ndi matumba a feteleza zimayenda pa Land Rover, Peugeot 504 kapena Hilux imene inayamba nchito ana athu asanabadwe. Miyezi yozizira ya June ndi July ikafika, magalimoto oterewa amaonetsa vuto limene linali lobisika: muvi wa geji ya kutentha sukwera ngakhale mutayenda ulendo wautali, ndipo hita imangopuma kampweya kosafunda. Ena amakondwera nazo poganiza kuti injini yozizira ndiyo yathanzi. Koma injini yotero ikudya ndalama za mwini wake, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi kacipangizo kamodzi kochedwa thermostat.

Nchito ya thermostat

Thermostat ndi kacitseko kamene kamakhala pamene paipi yaikulu ya pamwamba imacokera ku injini kupita ku radiyeta. M'kati mwake muli phula. Injini ikakhala yozizira, kacitsekoka kamakhala kotseka, conco madzi amangozungulira mu injini momwemo n'kutentha msanga. Madzi akafika pa mlingo wake, phula lija limasungunuka ndi kufufuma, n'kukankha kacitseko kuti madzi apite ku radiyeta akazizire. Mlingowo umalembedwa pa thermostat penipenipo. Mwacitsanzo, injini ya malita 2.25 ya Land Rover Series III, imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, imaikidwa thermostat ya madigiri 74 kapena ya 82.

Galimoto ikayamba kuwiritsa madzi, amakanika ambiri amathamangira kucotsa thermostat, amati inapangidwira maiko a cisanu. Pamenepo amangobisa matenda. Cimene cimawiritsa madzi nthawi zambiri ndi radiyeta yodzala ndi mankhusu ndi njere za udzu, lamba wa fani wolefuka, civundikiro cakutha kapena pampu yofooka. Komanso m'mainjini ena thermostat ikatseguka imatseka njira yacidule ya madzi. Ikacotsedwa, madzi ena amabwerera mu injini osadzera ku radiyeta, ndipo pa citunda galimoto imawirabe.

Zimene kuzizira kumawononga

Injini inapangidwa kuti izigwira nchito ili yotentha. Ikazizira, petulo sasanduka nthunzi mokwanira. Amamatirira m'makoma a masilinda n'kutsuka oilo amene akanateteza mapisitoni ndi maring'i. Woyendetsa amakakamizika kukoka choko nthawi yaitali, ndipo mafuta amatha msanga. Injini ya dizilo, monga ya thirakitala, imatulutsa utsi woyera ndi kuunjika mwaye m'kati.

Palinso nkhani ya madzi. Lita imodzi ya petulo ikapsa imabala madzi pafupifupi lita imodzi. Ambiri amatuluka ngati nthunzi ku ekizozi, koma ena amatsikira mu oilo. Oilo wotentha amawauma. Wozizira amawasunga n'kusanduka phala loyera limene mumaliona pansi pa civundikiro cothirira oilo. Phala limeneli likaoneka pamene madzi a mu radiyeta akucepanso, muyambe mwapimitsa gasiketi ya mutu wa injini.

Kupima popanda zida

M'mawa injini isanalizidwe, onani kuti madzi ndi odzala. Kenaka ilizeni, ndipo gwirani paipi ya pamwamba, dzanja lili kutali ndi fani. Ngati thermostat ili bwino, paipiyo imakhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenaka n'kutentha mwadzidzidzi. Ikayamba kufunda pang'onopang'ono kungocokera pa ciyambi, ndiye kuti thermostat inauma ili yotseguka kapena mulibe. Koma ngati paipi yatentha bwino lomwe pamene muvi udakali pansi, wabodza ndi geji kapena waya wake, osati injini.

Kuti mutsimikize, dikirani injini izizire, khetsani madzi pang'ono, masulani mabauti a civundikiro ca thermostat n'kuitulutsa. Ikapezeka yotseguka ili yozizira, yatha nchito. Ikakhala yotseka, imangeni ku waya, muilendeweretse mu poto wa madzi osakhudza pansi, ndipo muike pamoto. Iyenera kuyamba kutseguka madzi asanawire, n'kutsekanso akazizira. Amene ali ndi thermometer aone ngati yatseguka pafupi ndi nambala yolembedwapo.

Pogula yatsopano chulani mtundu wa injini yanu, cifukwa zofanana kukula sizifanana kagwiridwe. Safunsa anadya phula. Poika, mbali ya sipuling'i iloze ku injini, ndipo ngati thermostat yaima coimirira, kabowo kotulutsira mpweya kakhale pamwamba. Palani gasiketi yakale yonse, ikani yatsopano, ndipo mangani mabauti mosinthanasinthana, mosapyola muyeso, pakuti civundikiro cimang'aluka msanga.

Hita ikapitiriza kufooka

Hita ndi karadiyeta kakang'ono kamene kamabwereka madzi otentha a injini. Conco sitiyamba nayo injini isanafike pa kutentha kwake. Ikafika, tsegulani hita ndipo gwirani mapaipi ake awiri. Onse akakhala ozizira, madzi sakulowa: mwina mpopi wa hita wauma, waya wake waduka, madzi acepa, kapena mwatsekeredwa mpweya. Imodzi ikatentha ina n'kukhala yozizira, hita yatsekeka ndi dzimbiri. Masulani mapaipi onse awiri injini itazizira, ndipo thirani madzi kudzera ku paipi yotulukira kuti litsiro libwerere kumene linalowera. Citani zimenezi mpaka madzi ayere, koma osati mwamphamvu, pakuti hita yakale siicedwa kuboola. Onse akatentha koma mphepo yofunda osabwera, yang'anani fani ya hita ndi njira za mphepo. Makoswe amakonda kumangamo zisa galimoto ikamagona pafupi ndi nkhokwe.

Podzazanso madzi, hita ikhale yotsegula. Lizani injini civundikiro ca radiyeta cili cocotsa mpaka thovu litaleka, kenaka onjezerani n'kutseka. Madzi a pa cigoba kapena a pa mjigo nthawi zambiri amakhala ndi mcere umene umaundana m'mapaipi, conco madzi a mvula osefa osakaniza ndi coolant ndiwo abwino. Ndipo musatsegule civundikiro ca radiyeta injini ili yotentha: madziwo amatumpha ndi kuwaula nkhope ndi manja.

Tisaone hita ngati cinthu ca anthu okonda zofewa. Amene amanyamuka mbandakuca kupita ku msika amadziwa mmene galasi la kutsogolo limacitira nkhungu nthawi yozizira ndi ya mvula. Mphepo yofunda ndiyo imaliyeretsa kuti muone njinga, ngolo kapena mwana wa sukulu pa mseu. Thermostat ndi gasiketi yake sizifika mtengo wa maring'i ndi kukonzetsa injini yonse. Musanayambe kututa ndi kututa katundu wa ku msika, patulani m'mawa umodzi mugwire paipi ija ya pamwamba, pa galimoto ndi pa thirakitala pomwe.