Mamita 5 ndi theka a silika pa Belgrave Road

Pathupi pa miyezi 7 m'chisanu cha ku Leicester sipachitira munthu chifundo. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, mvula yake ndi yamvumbi, ndipo mnzanga wa kuntchito, namwino wochokera ku Madurai m'chigawo cha Tamil Nadu, zovala zake zonse zinali zitamukana. Chinatsala ndi jekete lakuda la mwamuna wake lomwe zipi yake inkakanirira pamchombo, buluku lotuwa la lasitiki, ndi nsapato za bambo yemweyo poti mapazi anali atatupa. Tsitsi lofika m'chiuno lija ankangolikulunga n'kubayapo bolopeni. Iye mwini ankati akuoneka ngati thumba la makala, ndipo ife, ngakhale timamukonda, tinkasowa potsutsira.

Koma chomwe chinkamudya mtima si mapazi. Kwawo mwezi wa 7 ndi wa valaikappu. Woyembekezerayo amamukhazika pampando atavala sari ya silika, amayi achibale n'kumabwera mmodzimmodzi kudzamuveka zibangili zagalasi mpaka mikono kudzaza, amati kulira kwake kumamufika mwana m'mimbamo. Amamudyetsa mpunga wamitundumitundu, wa mandimu, wa bwemba, wa kokonati, wa chambiko, kenaka makolo ake amamutenga kuti akachirire kwawo. Kumpoto kwa India mwambo wonga womwewu ndi godh bharai. Mayi ake mapepala a ulendo sanatuluke m'nthawi yake, ndiye anangotumiza phukusi.

M'phukusimo munali sari yomwe iwowo anavala ali ndi pakati pa iyeyu. Ya ku Kanchipuram, yobiriwira, m'mphepete mofiira modzaza ulusi wagolide wa zari. Amisiri akumeneko amaluka thupi la nsalu payokha, mphepete payokha, n'kuzilumikiza pa makina olukira momwemo, ndipo msoko wake sulekana chisawawa. Ukainyamula imalemera m'manja. Inkanunkha masamba a nimu. Iye anaisisita, anailirira pang'ono, n'kuiponya pamwamba pa wodilopu.

"Akka, andiveka ndani?" anandifunsa, Akka kutanthauza achemwali m'Chitamil. "Mapazi anga omwe sindikuwaona."

Mwamuna wake ndiye anapeza wojambula. Ntchito yojambula oyembekezera yakula kulikonse komwe Amwenye achuluka, ku Leicester, ku Brampton m'dziko la Canada, ku New Jersey, ndipo ojambulawo amalangiza kubwera pakati pa sabata ya 28 ndi ya 34, mimba itaonekera bwino koma mwiniwake akadatha kuimirira. Ine zithunzi zambiri za oyembekezera sizindigwira mtima: mayi atavala chidiresi chobwereka chouluzidwa ndi fani, utsi wabodza kumbuyo, nkhope yosalazidwa pakompyuta mpaka apongozi ake sangamuzindikire. Ndinapita nawo monyinyirika, ntchito yanga kunyamula zikwama.

Situdiyo inali pamwamba pa sitolo ina mu Belgrave Road, msewu wa masitolo a golide, sari ndi maswiti womwe amautcha Golden Mile. Ambiri mwa eni masitolowa anachokera kwathu ku Africa. Ena ndi omwe Idi Amin anawathamangitsa ku Uganda mu 1972, ena anachokera ku Kenya, enanso ku Malawi. Choncho sindinayenere kudabwa, komabe ndinakuwa, pomwe gogo woveka sari anandiyang'ana kuyambira kumutu n'kunena kuti, "Muli bwanji, mayi? Kwanu n'kuti?" Anabadwira ku Limbe. Chichewa chake n'cha pakauntala ya sitolo, cha mitengo ndi kunenerera, koma chinalipo ndithu.

Anayamba ndi bulauzi, yomwe inkakana kukumana kutsogolo. Mnzanga nkhope inagwa. Gogoyo anangoitembenuza. Matelala a ku India amasiya nsalu yochuluka mkati, yosokedwa mizere ingapo, podziwa kuti thupi la mkazi silikhala pamodzi. Anasomola mzere umodzi, kenaka wachiwiri, bulauzi n'kulowa bwinobwino.

Kenaka panabuka mkangano. Gogoyo ndi Mgujarati, ndipo kwawo nsonga yokongola ya sari, pallu, imachokera kumbuyo, kudutsa paphewa lamanja n'kuyalidwa kutsogolo. Atamil amaiponya paphewa lamanzere kuti igwere kumsana. "Mwana wanga, kutsogolo! Anthu aone golideyu," anatero gogoyo. Wojambula anati ayi, ikaphimba mimba ndiye tabwereranji? Mlandu anaugamula ndi mayi ake, pa WhatsApp, kuchokera ku Madurai komwe nthawi inali patsogolo ndi maola 5 ndi theka. Nkhope yawo inadzaza foni yonse, magalasi ali pamphuno, n'kulamula m'Chitamil mawu omwe ngakhale ine ndinawamva. Kumanzere.

Apa ndinaika zikwama pansi n'kuyamba kuonerera. Chingwe cha pitikoti anachimanga kunsi kwa mimba, osathina. Analowetsa nsonga yoyamba kumanja, kuzunguliza kamodzi, kenaka n'kugwada, mapini ali kukamwa. Nsalu ankaipinda pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, kupita uku, kubwerera uku, mapindo onse ofanana osayeza n'komwe, kuwagwedeza kamodzi kuti agwe molunjika, kuwabaya pini, kuwalowetsa. Silika anangotsata mimba ija mwaulemu, mzere wofiira n'kudutsa pamwamba pake kukwera kuphewa. Bolopeni anaichotsa, tsitsi analiluka chingwe chimodzi n'kumangirira maluwa oyera a jasmine, omwe kwawo ku Madurai ndiye kuchimake. Ndolo zolendewera, kadontho kofiira pamphumi, basi.

Zibangili zinakana. Manja anali atatupa, ndipo galasi silikakamizidwa. Gogoyo anatenga jumbo yopyapyala, kumuveka kudzanja, chibangili n'kutsetsereka pamwamba pake mpaka pamkono. Atatero anatitembenukira ife. "Mwaimiranji? Achibale ake ndinu." Tinafola: ine, namwino mnzathu wa ku Philippines, mkazi wa wojambula, ndi mtsikana wa musitolo yapansi yemwe anangobwera kudzasiya tiyi. Aliyense chobiriwira, chofiira, chobiriwira. Mayi ake pafoni ankawerenga mokweza, akulira, akutidzudzulanso kuti tikuchedwa.

Pomwe anatembenukira pagalasi, chipinda chonse chinaphulika. Ine ndinaimba nthungululu, ya kwathu yeniyeni, mpaka wojambula kudzidzimuka. Munthu uja ankayenda chokwawa m'makhonde a kuntchito anali ataima chilili, chibwano m'mwamba, dzanja limodzi pansi pa mimba, akudzizungulira pang'onopang'ono kuti aone kumbuyo. "Aiyo, ndine Amma!" anakuwa, n'kuseka mpaka kugwira khoma. Ndipo zoonadi, chithunzi chakale cha mayi ake atachiika pambali, kusiyana kwake kunali mafelemu a magalasi okha.

Mwamuna wake anatulukira atavala veshti, nsalu ya amuna yomanga m'chiuno, yoyera ya mphepete wagolide, miyendo ikunjenjemera, masokosi aubweya ali kuphazi. Anawavula pokhapokha apongozi atawaona.

Kujambula kwenikweniko sikunatenge nthawi. Anamukhazika pakatungwe wathabwa, nyale zamkuwa uku ndi uku, ndipo wojambulayo, ndimuyamikire, sanamuuze kuti amwetulire ngakhale kamodzi. Panalibe chifukwa. Mapazi otupa aja anangowasiya, akusuzumira kunsi kwa golide.

Kuvula anakana. Anatsika nayo sari mumsewu, kuzizira konse kuja, ndipo kuchoka pakhomo kufika pamalo odyera amayi osawadziwa ankamuimitsa, kumugwira chibwano, kumudalitsa, wina mpaka kumudyetsa laddu pakamwa. Anadya dosa yake, n'kumalizanso ya mwamuna wake.

Zibangili za valaikappu amayenera kukhala nazo mpaka nthawi yochira. Kuntchito malamulo salola kanthu kunsi kwa chigongono, ndiye ankazivula m'mawa ndi jumbo ija, akaweruka n'kuzivalanso m'basi momwemo, akutilizira dala. Bambo wa mwana anadandaula kwa apongozi kuti usiku sakugona, mkazi akangotembenuka nyumba yonse ngwere ngwere. Anamuyankha kuti ayambiretu kuzolowera.