Mwini sikelo ndiye mwini malonda, ngakhale pa gasi

Mwezi wathawu ndidaona mkangano pamsika pakati pa mayi wina wogulitsa nyemba ndi bambo wina woyenda ndi sikelo yake. Mayiyo ankati thumba lake ndi makilo 50, paja adayeza asananyamuke kumudzi. Sikelo ya bamboyo inkati 46. Adakangana mpaka thukuta kamukamu, koma mapeto ake mayi uja adalandira ndalama ya makilo 46, poti basi yobwerera inali itayamba kuliza hutala. Nyemba zinali zake, thumba lake, koma sikelo inali ya wina.

Ndayamba ndi nyemba dala, abale anga, chifukwa nkhani yanga lero ndi ya gasi, ndipo mkangano wake ndi womwewu. Sindikunena gasi wa m'masilinda amene ena mwa inu mumaphikira. Ndikunena gasi wachilengedwe wotuluka pansi panthaka, amene amayenda m'mapayipi kuchoka dziko lina kupita dziko lina.

Chitsanzo tili nacho pafupi. Ku Mozambique, m'chigawo cha Inhambane, kuli zitsime za gasi ku Pande ndi ku Temane. Chiyambire 2004, gasi ameneyu amayenda m'payipi ya makilomita 865 kuchoka ku Temane kukafika ku Secunda m'dziko la South Africa, kumene kampani ya Sasol imamugwiritsa ntchito m'mafakitale ake nkugulitsako wina kumakampani ena. Ambiri tikamva zimenezi timangoganiza za chitsulo chachitali chokwiriridwa pansi, basi. Koma payipi payokha ndi chimphako chabe. Chimene chimaipatsa moyo ndi nyumba ziwiri zimene palibe amazijambula: ina yokankha gasi, ina yomuyeza.

Tiyambe ndi yokankha. Gasi sayenda mwa kufuna kwake. Amachoka kumene pulesha ili yambiri kupita kumene ili yochepa. Tsono akamayenda amakhuzana ndi khoma la payipi, ndipo pulesha ija imatsika pang'onopang'ono. Inu amene mumakhala kumapeto kwa mpope kapena kumtunda mukudziwa zimenezi: anzanu a kumunsi akutunga masana, inu madzi akufikani pakati pa usiku, mwinanso osafika. Nchifukwa chake pamapayipi ambiri a pamtunda amamanga siteshoni ya makompuresa pakatha makilomita pakati pa 60 ndi 160.

Kompuresa mukuidziwa, ndi ija ya anyamata omata matayala m'mbali mwa msewu. Kusiyana kwake ndi kukula. Tayala la galimoto yaing'ono limafuna pulesha ya ma bar awiri kapena kuposerapo pang'ono. M'payipi yaikulu ya gasi pulesha imatha kufika ma bar 100. Gasi akalowa musiteshoni amayamba wasefedwa kuti fumbi, dzimbiri ndi timadzi zisakaononge makina. Kenaka amapanikizidwa. Mukapopa tayala la njinga, gwirani pampu, mupeza kuti yatentha. Gasi nayenso amatentha akapanikizidwa, motero amamudutsitsa m'timapayipi topemereredwa ndi zimafani asanabwerere m'njira yake.

Nanga makinawo amayendera chiyani? Ena amayendera magetsi, koma ambiri amazunguzidwa ndi injini zonga za ndege, zimene zimaotcha gasi yemweyo wa m'payipimo. Kunena kwina, katundu amadzilipirira yekha thiransipoti, ngati wamtengatenga amene akudya mtedza womwe wasenza. Sungani mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Ku Komatipoort, pafupi ndi malire a South Africa ndi Mozambique, adatsegula siteshoni yotere mu 2010. Payipi inali yomwe ija, koma gasi wodutsa adachuluka. Amalonda mumve apa: lole ndi yomweyo, koma katundu wawonjezeka chifukwa mwapeza wolongedza bwino.

Kuti muone kuti kompuresa si chidole, taonani zimene zidachitika ku Ulaya mu 2022. Payipi ya Nord Stream, yotalika makilomita oposa 1,200, inkadutsa pansi pa nyanja ya Baltic kuchoka ku Russia kupita ku Germany. Pansi pa nyanjayo panalibe siteshoni, choncho ntchito yonse yokankha inali pamalo amodzi, ku Portovaya, kumene gasi ankapanikizidwa mpaka ma bar 220 kuti akafike tsidya lina. Injini imodzi ya pasiteshoniyo, yopangidwa ndi kampani ya Siemens, idapita kukakonzedwa ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo idakanirira kumeneko chifukwa cha zilango zimene maiko a azungu adapereka kwa Russia kaamba ka nkhondo ya ku Ukraine. Mu June chaka chimenecho kampani ya Gazprom idatsitsa gasi kufika pa 40 peresenti, mu July pa 20 peresenti, ati chifukwa cha injini. Boma la Germany lidati chimenecho chinali chonamizira chabe. Injiniyo idafika mpaka ku Germany, mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, Olaf Scholz, nkukajambulitsa pambali pake, koma ku Portovaya siidabwerere. Kumapeto kwa August gasi adatsekedwa, ndipo pa 26 September payipiyo idaphulitsidwa. Zindikirani kuti mpaka tsiku limenelo chitsulo chinali chilipo, chosabooka. Chidaima ndi chokankha, ndipo mitengo ya gasi ku Ulaya idakwera mosaneneka.

Tsopano tibwere ku sikelo. Paliponse pamene gasi akuchoka m'manja mwa wina kulowa m'manja mwa mnzake pamakhala siteshoni yoyezera: potuluka kuzitsime, pamalire a maiko, ndi pamene nthambi ikupatuka. Payipi ya ku Temane ija ili ndi nthambi yotere ku Ressano Garcia, kumene gasi wina amapangira magetsi ndipo wina amalowera ku Matola ndi ku Maputo.

Kuyeza gasi nkovuta kuposa kuyeza nyemba. Nyemba sizifufuma dzuwa likatentha, koma gasi amafufuma, ndipo ukamupanikiza amakhwinyata. Ndowa imodzi ya gasi wopanikizidwa pa ma bar 100 ili ndi katundu wochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 100 kuposa ndowa yomweyo pa pulesha wamba. Tsono mita payokha siikwanira. Mita ina ili ndi chimbale chobooka pakati, ndipo amaona mmene pulesha yatsikira gasi akadutsa pabowopo. Ina ili ndi kampeperu kozungulira. Za masiku ano zimatumiza kaphokoso kosamveka ndi khutu mopingasa payipi, nkuwerenga nthawi imene katenga popita ndi pobwera. Pambali pake pali zoyezera pulesha ndi kutentha, ndipo kompyuta imasonkhanitsa zonsezi kuti ipeze muyeso umodzi wogwirizana.

Sizithera pomwepo. Wogula safuna mpweya, akufuna moto. Monga mmene thumba la makala a tsanya limasiyanirana ndi la makala a mtengo wofewa, gasi winanso amayaka kwambiri kuposa mnzake. Choncho pali makina amene amatapa gasi pang'ono nthawi ndi nthawi nkuona zimene zili m'kati mwake, ndipo mtengo umawerengedwa potengera mphamvu ya moto wake. Pamene gasi akulowa m'tauni amamutsitsa pulesha, nkumuthira mankhwala onunkha ngati mazira oola, popeza gasi ameneyu payekha alibe fungo ndipo atati akutuluka penapake palibe angamumve.

Mwina mukuti, nanga kuphonya pang'ono kuli ndi kanthu? Tiyeni tiwerengere. Nord Stream inkatha kunyamula makiyubiki mita 55 biliyoni pachaka. Mita itanama ndi 1 peresenti yokha, ndiye kuti makiyubiki mita 550 miliyoni asowa mwini. Makilo anayi a mayi uja ndi omwewa, angovala suti.

Ndipo maiko adakanganapo ndithu. Mu January 2009 Russia idati Ukraine ikuba gasi wopita ku Ulaya, poti wolowa m'dzikolo ndi wotuluka sankafanana. Ukraine idayankha kuti wosowayo ndi amene akuotchedwa m'makompuresa okankha gasi wa Russia yemweyo. Mwaikumbukira mfundo ya mtedza ija? Funso linali lakuti alipire ndani. Pa 7 January gasi yense wodzera ku Ukraine adaima, mpaka pa 20 January. Anthu a ku Bulgaria ndi ku Slovakia, amene sadalakwe kanthu, adazizidwa pakati pa chisanu, mafakitale nkutsekedwa. Paja njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Bungwe la European Union lidachita kutumiza anthu ake kumasiteshoni oyezera kuti akaone manambala ndi maso awo. Imodzi mwa siteshonizo inali ya ku Sudzha, kumene gasi wa Russia adapitiriza kuyezedwa ngakhale nkhondo ili m'kati, mpaka mgwirizano udatha pa 1 January 2025.

Phunziro lake nlotani kwa ife a kuno kumwera kwa Africa? Tikamva kuti kwapezeka gasi, mafuta kapena miyala, timathamangira kufunsa kuti alipo wochuluka bwanji. Sitifunsa kuti adzayeza ndani, sikelo adzaiona ndani ngati ili bwino, ndipo injini ikafa adzakonza ndani, kuti, ndipo pakatha masiku angati. Kale Sasol inali ndi theka la kampani ya ROMPCO, imene ndi mwini payipi ya ku Temane. Mu 2022 idagulitsa gawo lina, moti makampani a maboma a Mozambique ndi South Africa adakhala ndi 40 peresenti aliyense, Sasol nkutsala ndi 20. Nzabwino zimenezo. Koma umwini wa papepala ulibe mano ngati mulibe ana a dziko odziwa kutsutsa mita.

Nchifukwa chake ndikulankhula nanu, ophunzira. Nonse mukufuna kukhala maloya ndi akuluakulu a m'maofesi. Koma ntchito ya munthu wovala ovolosi, amene amayesa mita ngati ikunena zoona nkusainira, ndi imene imasunga chuma cha dziko. Ndipo inu amalonda, musaseke mayi uja. Sabata yathayi ndidamuonanso akutsika basi, thumba pamutu, m'manja atanyamula kasikelo kakekake.