Tiyi wa jira amathandiza m'mimba, koma salowa m'malo mwa mankhwala

Nyengo ya nandolo ikafika ku Chiradzulu, mabanja ambiri amadya ndiwo imeneyi pafupifupi tsiku lililonse. Nandolo amamanga thupi, koma ena akadya, m'mimba mumadzaza mpweya. Apa ndi pomwe tiyi wa jira angathandize.

Jira ndi timbewu tonunkhira topezeka m'masitolo a zokometsera zakudya ku Limbe. Pa paketi amalemba cumin kapena jeera. Pa Mateyu 23:23 timatchedwa chitowe, koma n'tosiyana ndi chitowe cha mafuta chomwe timalima kuno.

Kukonza kwake n'kosavuta. Kazingani supuni yaing'ono imodzi ya jira pa chiwaya chouma mpaka fungo limveke. Thirani m'kapu imodzi ya madzi, wiritsani mphindi 5, kenako sefani. Mutha kufinyiramo mandimu, ndipo shuga safunika. Imwani ali wofunda mukatha kudya.

Ku India anthu akhala akumwa madzi a jira kuyambira kale pofuna kuchepetsa mpweya m'mimba. Tiyiyu alibenso caffeine, choncho sasokoneza tulo.

Komabe tisamale. Ku Chiradzulu ma ARV adayamba kuperekedwa mu 2001 mothandizidwa ndi Médecins Sans Frontières, ndipo apulumutsa miyoyo yambiri. Palibe tiyi amene angagwire ntchito imeneyo. Ngati mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP, musasiye. Amayi oyembekezera ayambe afunsa kuchipatala, ndipo m'mimba mukamapweteka masiku angapo, pitani mukayezedwe.