Laputopu ikamazima yokha nyengo yotentha

Okutobala akafika, malaputopu athu amayamba kuzima okha, ntchito ya a Fomu 4 n'kutayika isanasungidwe. Ambiri timathamangira kunena kuti ndi vairasi, koma kawirikawiri ndi kutentha. Purosesa ikayandikira madigiri 100, makina amadzizimitsa kuti asapse. Fumbi la kuno ku Nachisaka limatseka timabowo totulutsira mpweya, fani n'kumangolira osaziziritsa kanthu. Nafenso timawonjezera vuto poika laputopu pabulangete kapena pakapeti yoswalirapo tikamamvetsera Qur'an. Tiziiika patebulo, kumbuyo kwake titakweza pang'ono. Ikazima, tidikire izizire, kenako tichotse fumbi m'timabowoto ndi kaburashi kouma. Ikapitirizabe, ipite kwa wokonza makompyuta akaone fani. Tisaitsegule tokha.