Zonyansa zotayidwa m'boti zimabwerera kugombe

Lachisanu likafika, ambiri ogwira ntchito m'maofesi a ku Area 13 mumzinda wa Lilongwe amakhala akukonza zopita ndi ana ku Senga Bay m'boma la Salima. Kumeneko amakwera boti n'kupita kukaona zilumba. Koma asananyamuke, ndi ochepa amene amafunsa mwini boti kuti mwana akafuna kudzithandiza ali pakati pa nyanja atani.

Maboti ambiri ang'onoang'ono alibe chimbudzi, choncho zonse zimathera m'madzi. Anthu amati nyanja ndi yaikulu, isungunula. Koma maboti oterewa sapita kutali ndi gombe, ndipo mafunde amakankhira zonyansazo komwe amayi amatunga madzi ndi kutsuka mbale, ana akusambira pambali.

Matenda awiri amapezerapo mpata. Oyamba ndi kolera, amene tizilombo take timatuluka m'chimbudzi cha munthu, ngakhale amene sakuoneka wodwala. Mliri umene unayamba m'mwezi wa Marichi 2022 ku Machinga unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Panyanja ya Chilwa, asodzi amene amakhala m'zimbowera, tinyumba toyandama pamadzi, akhala akugwidwa ndi kolera mobwerezabwereza chifukwa madzi omwe amamwa ndi omwewo amene amadzithandiziramo.

Achiwiri ndi likodzo. Wodwala akakodzera m'nyanja, mazira a tinyongolotsi amaswa n'kulowa m'nkhono. Pakapita masabata angapo, tizilombo timatuluka m'nkhonomo n'kuboola khungu la aliyense amene ali m'madzi. Mwana wa mumzinda akhoza kubwerera kunyumba ali bwinobwino, magazi mumkodzo n'kudzaoneka patapita miyezi.

Kodi malamulo amati chiyani? Panyanja zamchere pali pangano la mayiko lotchedwa MARPOL, limene gawo lake la zonyansa za m'zimbudzi linayamba kugwira ntchito mu 2003. Sitima zikuluzikulu zoyenda pakati pa mayiko, kapena zonyamula anthu oposa 15, siziloledwa kutaya zonyansa zosathiridwa mankhwala pokhapokha zili pamtunda woposa makilomita 22 kuchokera kugombe. Panganoli silikhudza tiboti ta ku Senga Bay, koma kuno kwathu lamulo losamalira madzi la 2013 ndi losamalira chilengedwe la 2017 amaletsa kuipitsa madzi. Tikumbukirenso kuti madzi a nyanja ya Malawi amatulukira mumtsinje umodzi wokha, wa Shire, choncho chimene chalowamo sichichoka msanga.

Kupewa sikulira ndalama zambiri. Banja lonse lipite kuchimbudzi lisanakwere boti. Paulendo wautali, m'botimo mukhale chidebe chokhala ndi chivundikiro cholimba. Mukafika kumtunda, khuthulirani zonyansazo m'chimbudzi chokumba, osati pamchenga kapena m'bango, kenako tsukani chidebecho ndi madzi a klorini kutali ndi nyanja. Matewera a ana, mabotolo ndi mapepala apulasitiki muzimange m'thumba n'kubwerera nazo. Tengani madzi akumwa owiritsa kapena othira WaterGuard, komanso sopo wosambira m'manja.

Alangizi a zaumoyo ndi odzipereka amene amagwira ntchito m'madoko angathe kukambirana ndi makomiti a pagombe kuti doko lililonse likhale ndi chimbudzi chotsegula usana ndi usiku, popeza asodzi ambiri amanyamuka madzulo n'kubwerako m'bandakucha.

Mukabwerako kunyanja, mwana akayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi, yambani kum'mwetsa Thanzi ORS nthawi yomweyo uku mukuthamangira naye kuchipatala, chifukwa kolera imatha kupha m'maola ochepa. Akamakodza magazi kapena kumva ululu pokodza, auzeni achipatala kuti anasambira m'nyanja. Mankhwala a likodzo, praziquantel, alipo ndipo amachiza.